Bango Limene Ndinathyola

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa choti anthu anali atatopa nane. Sukulu ndinasiyira Sitandade 4 kwathu ku Katete, nditaswa sileti pamutu pa mnzanga amene ananditcha mphuno ya nkhumba. Bambo ananditumiza kwa amalume ku Kamitondo, ku Kitwe, poganiza kuti mgodi undiwongola. Nthawi imeneyo mbendera yatsopano inali isanasuluke pamitengo, ndipo aliyense ankati kopa wakwera mtengo, ntchito zili mbwee. Koma kumgodi anandiyeza pachifuwa nati ndikabwerenso ndikanenepa. Amalume anandipezera ntchito ya m'dimba kwa mzungu ku Nkana West, konko ku Kitwe. Imeneyo sindiiwerengera, chifukwa tsiku lachitatu dona anandiitana ndi mluzu ngati galu, ine ndinaponya chitini chothirira maluwa pakhonde n'kutuluka pageti.

"Ku Ndola kuli a Sakala," amalume anatero, akundikankhira m'basi. "Akakulephera iwowo, basi, uzipita kukalima."

A Sakala anali kapitawo pa shapu ya matabwa ku Heavy Industrial, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Anali munthu wamtali, wouma ngati mtengo wa telefoni, mkulu wa mpingo kutchalitchi chathu cha anthu a kum'mawa. Tsiku limene ndinafika sanandifunse za sukulu. Anangondiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono.

"Fayifi fiti seveni," anatero.

"Mukuti chiyani, bambo?"

"Palibe. Chizolowezi chabe. Dzina ndani?"

"Wedisoni."

"Tenga tsache, Wedisoni."

Mkati mwa sabata tinkapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo a nyumba zatsopano. Ndinayamba ndi kusesa utuchi, kenako anandipatsa sowo, pulena, sikweya ndi tchizulo, ndipo ndinaphunzira kunola ndisanaphunzire kudula. Loweruka saireni ikalira twelofu koloko, aliyense ankasamba m'manja n'kuthamangira kumowa kapena kumpira. Apo m'pamene ntchito ina ya a Sakala inkayamba, ndipo popeza ndinkagona ndi kudya kwawo, inali yanganso.

Kuseri kwa shapu kunali shedi ya malata. Mwini shapu anawalola kutenga makireti amene munkabwera makina a kumigodi, ndipo ndi matabwa amenewo ankakhomera mabokosi a maliro anthu amene analibe wowakhomera. Wa kumgodi akafa, kampani inkapereka bokosi. Koma onyamula matumba, alonda, ogulitsa makala, alendo ochokera ku Nyasalande ndi ku Kongo amene anafa asanapeze ntchito, amenewo ankabwera kwa a Sakala. Sankafunsa mtundu kapena mpingo, ndipo sankalandira kanthu.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Umaphwasula kireti ndi chitsulo chozulira, misomali umaiwongola pa chidutswa cha njanji. Kenako umapala thabwa lililonse mpaka zilembo, manambala ndi mivi ya penti yakuda zitafufutika. Ine ndinkati n'kutaya nthawi, popeza bokosi timalikuta ndi nsalu.

"Pala," ankatero a Sakala. "Munthu asapite kwa Mulungu ndi adilesi ya mgodi."

Umadula matabwa a m'mbali, a pansi, la kumutu, la kumiyendo ndi chivundikiro. Pamapewa umacheka mizere itatu yosamaliza mkati mwa thabwa, n'kuthirapo madzi owira kuti lipindike osathyoka. Zopalapala za pulena umaziunjika kumutu ngati mtsamiro, nsalu yoyera mkati, yakuda kunja.

Tepi sitinkapita nayo kumaliro. Abale ankadula bango kapena kamtengo kofanana ndi msinkhu wa malemu, n'kubwera nako. Ife tinkawonjezera zala zitatu kumutu ndi zitatu kumiyendo. Pa bango a Sakala sankaseka.

"Bango ndi munthuyo," anandiuza Loweruka loyamba. "Sulidumpha, suliseweretsa, ndipo silitsala kuno. Limabwerera m'bokosi, likalowe naye m'manda."

Chimene chinkandiopsa chinali pamwamba pathu. Pa mitanda ya denga panali bokosi lina, la mukwa, umene kwathu timati mlombwa, lopanda msomali ngakhale umodzi wooneka, lokhala ndi zogwirira za mkuwa. Linali la a Sakala eni ake. Analipanga zaka zitatu, madzulo ndi madzulo. Kamodzi pamwezi ankandiuza kuti tilitsitse, n'kulipaka mafuta, kenako ankavula nsapato n'kugonamo, manja pachifuwa, maso otseka. Ndinkaima pakhomo, mwendo umodzi kunja. Mphepo ikagwedeza malata ndinkawayang'anitsitsa pachifuwa kuti ndione ngati akupuma.

"Likundikwanabe," ankatero podzuka. "Kweza."

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loti phula limamata ku nsapato. Ku Kitwe kunali mpira waukulu, ndipo anzanga anali atandisungira malo m'lole imene inkanyamuka wani koloko. Ndinali nditapempha kuyambira Lolemba, a Sakala n'kuvomera. Cha m'ma leveni pageti panalowa mwamuna wonyamula bango lalitali.

Dzina lake linali Chileshe. Mkulu wake, a Mulenga, wonyamula matumba kusiteshoni, anali atamwalira ndi chifuwa dzulo lake m'mawa, kukomboni ya kuseri kwa njanji. Mkazi wa malemu, Mai Esinati, anali wa kwathu kum'mawa, ndipo ndi amene ankasesa m'tchalitchi. Chileshe ankalankhula Chibemba, mwamtopola, osatiyang'ana kumaso. Anati bokosi likufunika lero lomwe, chifukwa ndi kutentha kumeneku mtembo sungafike mawa. Anati bango wadula yekha, ndi mpeni wake, atayeza kawiri. Potuluka anawonjezera kuti abale sakufuna chilichonse chochokera kwa anthu a mkazi uja, kungoti palibe kochitira.

A Sakala anagoneka bango pabenchi ndi manja awiri.

"Wedisoni, yamba kudula. Ine ndikatenge nsalu kutawuni."

"Koma bambo, munavomera! Lole ikunyamuka wani koloko!"

"Ndinavomera. Womwalirayu sanamve."

Anakwera njinga n'kupita. Ndinatsala ndekha m'shedi, magazi akuwira m'makutu. Ndinakankha chitini cha misomali ndi phazi. Sizinandikwanire. Dzanja linagwira chimene chinali pafupi, ndipo ndinamenya nacho pabenchi ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva kuti thyo! Nsonga ya bango inauluka n'kugwera kwinakwake m'mulu wa zopalapala.

Mkwiyo unathera pomwepo. Ndinagwada n'kuyamba kufukula, koma mulu unali wofika m'mawondo, ndipo nthawi inali kupita. Ndinadziuza kuti kachoka n'kakang'ono, mwina zala ziwiri. Ndinasadza zingwe za pothyokapo ndi tchizulo, ndinapakapo dothi kuti pasaoneke poyera, ndipo poyeza ndinawonjezera zala ziwirizo pamwamba pa zitatu za nthawi zonse. Pamene a Sakala ankabwera, matabwa onse anali odula, madzi akuwira pambaula.

"Lero manja ako ali ndi changu," anatero.

Tinapinda, tinakhoma, tinakuta. Iwo anaika bango mkati n'kuvundikira. Ndikusesa pomaliza, tsache linatulutsa kachidutswa kaja pansi pa benchi, kumene sindinafufuzeko. Sikanali zala ziwiri. Kanali kotalika kuposa chikhatho changa, kuyambira pamkono mpaka kupitirira chala chapakati.

A Sakala anali panja, akumanga bokosi pangolo yokankha. Kunali kungotsegula pakamwa basi. Koma ndinaganiza za mawu a amalume, ndi za khasu la ku Katete. Ndinadziuzanso kuti mawondo a munthu amapindika. Kachidutswa ndinakalowetsa m'thumba la kabudula.

Kukankha bokosi masana m'tawuni ndi chinthu china. Anthu amapatuka uli kutali, amuna amavula zipewa, amayi amatembenuza ana kuti ayang'ane kumbali. Msewu wonse umakhala wako. Tsiku limenelo ngolo ikagunda mwala, bango linkagogoda mkati. Go. Go, go. Ngati munthu amene wafika pakhomo pa eni ake ndipo sakufuna kukuwa. Kachidutswa nako kankandibaya pantchafu pa sitepe iliyonse. Titadutsa njanji, kamvuluvulu anadzuka kutsogolo kwathu, natitsogolera mpaka pa mpopi wa madzi, n'kugwa pomwepo. A Sakala ankang'ung'udza nyimbo ya m'buku.

Nyumba ya maliro inali ya chipinda chimodzi, denga la migolo yophwanthidwa. Amuna anakhala panja pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi mkati ndi pakhonde, akuimba. Tinalowa ndi bokosi. Munali mdima ndi fungo lotsekemera loipa, ndipo ntchentche zinkalira kuposa amayi. A Mulenga anagona pamphasa, atakutidwa bulangete, chibwano chomangidwa ndi kansalu. Nditangoona kutalika kwa bulangetelo ndinadziwa. Mai Esinati anakhala pakona, mutu wowerama, miyendo yotambasula.

Tinanyamula anayi: a Sakala ndi Chileshe kumutu, ine ndi mwamuna wina kumiyendo. Miyendo inali youma gwa, yozizira ngati paipi. Mutu unalowa, mapewa analowa. Zidendene zinakhala pamwamba pa thabwa la kumiyendo, mapazi ali panja, akuloza kudenga.

"Kokerani kumtunda," anatero mwamuna uja.

Anakoka mpaka mutu unagunda thabwa. Mapazi anali panjabe. Ndinakanikiza mawondo mobisa, koma anakana. Pa kugwedeza kumeneko kansalu ka pachibwano kanamasuka, pakamwa panatseguka, ndipo m'chifuwa cha a Mulenga munatuluka mpweya wautali, wa mawu, ngati munthu wotopa amene wafunsidwa funso lomwe lija kachiwiri.

Pano ndikudziwa kuti mitembo imatero ikagwedezedwa pa kutentha. Tsiku limenelo sindinkadziwa. Nyimbo inadukira pakati pa mawu. Amayi ena anathawira panja mokwawa. Gogo wina wa kuchimuna, azakhali a malemu, anaimirira n'kuloza.

"Alekaana!" anakuwa. Akukana. Akukana kulowa.

"Akufa sakana kanthu, mayi," anatero a Sakala. "Bokosi ndapanga ine. Ngati lafupika, ndalakwa ndine."

Chileshe anasolola bango m'mbali mwa bokosi n'kuligoneka pa mkulu wake, nsonga imodzi kumutu. Inayo inathera pamwamba pa akakolo.

Anthu onse anaona. Bango limene iye mwini anadula m'mawa womwewo, atayeza kawiri, tsopano linali lalifupi kuposa munthu. Kwa iwo tanthauzo linali limodzi: mtembo watalika, ndipo mtembo sutalika wokha. Amene anafa imfa ya Mulungu amagona phee. Uyu wina anamudya, ndipo sapita asanamutchule.

"Muloshi," anatero gogo uja, chapansipansi tsopano. Mfiti. Sanatchule dzina, koma maso onse anapita pakona. Ena anayamba kukumbutsana kuti phala lomaliza anamwetsa ndani, kuti zaka zonsezi m'nyumbamo simunalire mwana, kuti akazi a kum'mawa amadziwa mitengo. Chileshe anati amunyamule mkulu wake momwemo, mapazi ali panja, bokosi liwatsogolere lokha kwa amene wachita izi. Ndinali nditamvapo za mabokosi otere, amene amakoka owanyamula n'kukagunda munthu, ndi zimene zimachitikira munthu wogundidwayo. Pakhomo panaima mnyamata atagwira mpini wa khasu.

Mai Esinati sanadzikanire. Anangokweza manja n'kuphimba mutu, ngati munthu amene akudziwa kale pamene ndodo igwere.

A Sakala anatenga bango m'manja mwa Chileshe. Anapapasa nsonga ina ndi chala chachikulu, pamene panadutsa mpeni. Anatembenuza napapasa inayo, pamene ndinapaka dothi. Chala chinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinadikira kuti andiyang'ane. Sanandiyang'ane. Anatsamiritsa bango kukhoma, anavula chipewa ndi jekete, anayenda mpaka pakona n'kukhala pansi patsogolo pa mayi uja, nkhope kwa anthu.

"Mukwai," anatero mwaulemu wa Chibemba, "amene akufuna kumenya ayambire pano. Ine ndine wamkulu, sindichedwa kugwa. Mukatero mupitirire."

Mpini wa mnyamata uja unatsika. Unawapeza paphewa, ndipo ndinamva fupa likulira ngati thabwa louma. Sanakweze dzanja. Anangoweramira kumbali pang'ono n'kuwongokanso.

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana.

"Ndine! Ndine ndathyola!"

Palibe amene anamva, mpaka ndinakuwa m'Chibemba changa chothyokathyoka. Ndinatulutsa kachidutswa m'thumba, ndinatenga bango kukhoma, ndinagwada pambali pa mtembo. Ndinaphonya kawiri. Kachitatu mng'alu unalowa mu mng'alu unzake. Ndinagoneka bango lonse pa a Mulenga. Linayambira pamutu n'kuthera pachidendene ndendende.

Anthu onse anaweramira kuti aone.

Chileshe anandimenya khofi limene linandigwetsera pa bokosi, tsaya langa n'kukhudza phazi lozizira. Ndinadzuka zibakera zili zokunga kale. Chibadwire changa palibe amene anandimenya n'kupita osabwezeredwa. Ndinaona pamene ndikanamupeza, pansi pa khutu.

"Wedisoni." Mawu a a Sakala anali a masiku onse, ngati akundituma madzi. "Manja amenewo ali ndi ntchito. Tenga ngolo. Ukatsitse lija la pamwamba."

"Lanu, bambo?"

"Msinkhu wathu ndi umodzi, ndamuyeza kale. Thamanga, dzuwa likupita."

Ndinathamanga ndi ngolo yopanda kanthu mpaka ku Heavy Industrial. Mlonda wa pageti anandithandiza kutsitsa, akutukwana njira yonse kuti sanalembedwere zimenezi. Pobwerera palibe chimene chinkagogoda. Ndinapeza a Sakala akadali pamalo pomwe paja, dzanja lili lende, akuyambitsa nyimbo, ndipo amayi angapo a kuchimuna anali atayamba kuyankha.

Anthu ataona mukwa wonyezimira ndi zogwirira za mkuwa anang'ung'udza. Bokosi lotero ngakhale makalaliki a kumgodi sankagonamo. Chileshe analisisita ndi chikhatho, n'kufunsa kuti ndi la yani. Nditamuuza, anayang'ana mpini umene unali pansi, kenako phewa la a Sakala, ndipo anati sangalandire.

"Landirani," anatero a Sakala. "Ambuye wathu nayenso anagona m'manda obwereka. Kungoti ili musabweze."

Wina anaseka mwangozi, n'kudzigwira pakamwa. A Mulenga analowa bwinobwino, zala zitatu kumutu, zitatu kumiyendo. A Sakala anandiuza kuti ndimange kachidutswa ku bango ndi ulusi wa nsalu yakuda, ndiliike ndekha m'mbali mwawo. Tinaika maliro dzuwa lili pamwamba pa mitengo. Mai Esinati anaponya dothi lake ngati mkazi wa munthu, palibe amene anamuletsa. Patapita sabata amayi a kumpingo anamuperekeza kusiteshoni, napita kwawo ku Petauke ali ndi mano ake onse.

Pobwerera ndinawakweza a Sakala pangolo, chifukwa kuyenda kunkawagwedeza phewa. Ndinadikira kuti anene za khasu la ku Katete. Tinadutsa mpopi, tinadutsa njanji.

"Munadziwa," ndinatero pomaliza. "Bwanji simunanene kuti ndine?"

"Ndikanakutchula, mpini ukanabwera kwa iwe, iwe ukanabweza, ndipo tikanakhoma mabokosi awiri. Ndinati ndikhale pamenepo mpaka ufike."

"Ndikanapanda kufika?"

"Phewa lina linalipo."

Lolemba ndinaphwasula bokosi lalifupi lija, ndinawongola misomali yake. Phewa la a Sakala linapola mokhota, ndipo mpaka lero sakweza pulena ndi dzanja lamanja. Loweruka amakhala pa chitini n'kumaloza, wodula ndine. Pa mitanda ya denga palibe kanthu. Nditawafunsa kuti tiyamba liti lina la mukwa, anati makireti alipo ambiri, ndidzangopala bwino zilembo.

Mwezi wotsatira a Sakala anabwera ndi bango laliwisi la kumtsinje ndi mpeni. Anavula nsapato, anagona pabenchi, manja pachifuwa.

"Yeza."

Ndinakana. Kuyeza munthu wamoyo n'kumulaula, aliyense amadziwa. Anati iwo alibe mwana wamwamuna, ndipo sakufuna kuti tsiku limenelo adzayezedwe ndi munthu wothamangira mpira. Ndinayeza kawiri, ndinadula.

Tsopano ndili ndi chipinda changa, ndipo bango limenelo laima kuseri kwa chitseko. Usiku wamphepo limakhudza thabwa n'kumagogoda pang'ono, koma ndinazolowera. Mtima wanga sunasinthe kwenikweni. Ndimapsabe msanga, makamaka ndi madalaivala a malole amene amataya matabwa m'matope. Koma dzanja likayamba kufunafuna choti ligwire, ndimakumbuka kuti chimene ndingathyole ine chikathera pamsana pa munthu wina amene sanaone n'komwe pamene ndinakwiyira. Ndiye ndimaliika m'thumba, ndimapita kushedi, ndimapala thabwa mpaka adilesi itachoka. Bango la a Sakala liyenera kudzafika kumanda lathunthu, ndipo wolisunga ndine.